A Mphenzi Ankafunsa N'kuthawa

Amene munawadziwa a Mphenzi mukudziwa kale matenda awo. Ankakufunsa funso, iwe ukamatsegula pakamwa kuti uyankhe, iwo ali uko, zala m'makutu. Funso lake linali limodzi lomwelo: "Chimbale chija mwachimva? Mwati bwanji?"

Ine ndine wometa, ndipo mutu wawo ndinausamala kuyambira uli ndi tsitsi lofika m'mapewa mpaka litatsala la m'mbali mokha. Pa unyamata wawo ankaimba roko, nyimbo zija gitala limalira ngati akulipha. Akakwera pansanja, jekete lachikopa lili pathupi ngakhale dzuwa liswe mtengo, mawindo a holo ankanjenjemera. Munthu wotere simungamuganizire mantha. Koma atakalamba, akazi awo atamwalira, anatulutsa chimbale chofatsa, gitala lokha ndi mawu osasa, ndipo kuyambira pamenepo mtima wawo sunakhalenso m'malo.

Tsiku lina analowa m'shopu mwanga nyuzipepala ili kukhwapa.

"Mphwanga, andilemba umu. Werenga chamumtima, ine ndizingoyang'ana nkhope yako."

Ndinayamba kuwerenga. Mwatsoka katsitsi kanandilowa m'mphuno, ndinayetsemula.

"Basi! Andipha!"

"Ayi achikulire, ndi tsitsi chabe."

"Usandinamize. Nkhani ikakhala yabwino munthu sayetsemula."

Anatuluka chitseko osatseka. Chonsecho wolembayo anali atawatamanda, akuti mkuluyu tsopano waphunzira kuimba osakuwa.

Kunena zoona, anthu anagawikana. Wina wa pawailesi anati mkango wathothoka mano. Dalaivala wa takisi, amene anamata chithunzi chawo m'galimoto mwake, ankabwera kudzandidandaulira ngati ndinaimba ndine. "Timafuna moto, atipatsa phulusa! Ndikachiika, okwera amandifunsa kuti wamwalira ndani." Koma amayi osoka a khomo loyandikana nane ankachiliza kuyambira m'mawa, akupukuta misozi ndi nsalu za makasitomala. Zonsezi a Mphenzi sanazimve, zoipa ndi zabwino zomwe. Ankapeka okha mayankho, ndipo opekawo anali ankhanza kuposa enieni.

Akaona anthu awiri akuseka pamsewu, ankati akuseka iwo. Galu akauwa, ankati nayenso wachimva. Amayi osoka aja anayesapo kuwathamangira kuti awayamikire, akukuwa kuti, "Imani ndikuuzeni!" Koma anaiwala kusiya sizasi. A Mphenzi atacheuka n'kuona chitsulo chikung'anima, anathamanga liwiro loti mawondo awo anali ataliiwala, n'kukabisala kuseri kwa mafiriji m'sitolo ya zamagetsi.

Ine ndinati ndiwakole pampando. Nditameta mbali imodzi, nsalu ili m'khosi, ndinayamba mwaulemu: "Achikulire, za chimbale chija..." Anadzambatuka ngati akhalira singano, ulendo, nsalu yanga ikuuluka kumsana. Anayenda masiku angapo ndi mutu wometa theka, mpaka achinyamata anayamba kudzapempha sitayilo yomweyo.

Tinkaseka, inde, koma ine nkhawa inayamba kundidya. Jekete lija linayamba kuwakulira, chifuwa osawachoka. Mwana wawo wamkazi anaima pakhomo panga tsiku lina, maso ali ofiira.

"Malume, bambo sakudya. Akuti nyimbo zonsezo anaimbira amayi, ndiye ngati anthu akuziseka, awachititsa manyazi amayi kumanda."

Pamenepo kuseka kunandithera. Ndinachita mantha kuti munthuyu adzapita ali ndi bodza limeneli mumtima, ife oyankha tilipo, tikungosowa pomugwirira. Aliyense wodutsa pawindo atavala zakuda, ndinkaganiza kuti wabwera ndi uthenga wa maliro.

Kenako a Mphenzi anabwera, mwana uja atawagwira mkono. Anakhala pampando, ndinawafunditsa nsalu, ndinayatsa makina. Tinayang'anana pagalasi.

"Chimbale chija unachimva? Wati bwanji?"

Ndinaona manja awo pansi pa nsalu akufuna kukwera kumakutu, koma mphamvu panalibe.

"Miyendo yakana, mphwanga. Nena."

Ndinazimitsa makina.

"Wa pawailesi akuti mano anathothoka. Wa takisi akuti ndi phulusa."

"Ndinadziwa."

"Dikirani. Nyimbo ija mumati mumaikabe makapu awiri patebulo, ikalira muno ndimaleka kumeta. Ndikapitiriza, ndingadule munthu khutu. Akazi anu aja ndinkawadziwa, ankakudikirani pabenchi apo akukunenani kuti tsitsi lanu ndi la munthu wosalongosoka. M'nyimbomo ndi iwo ndithu. Simunawachititse manyazi, mwawabweza."

Mwana uja anatembenukira kukhoma. A Mphenzi anandiyang'ana pagalasi.

"Wa takisi anati phulusa?"

"Eya, achikulire."

"Chitsiru. Ngakhale kale ankavina mophonya." Anaseka, chifuwa n'kuwatsamwitsa, misozi ikutsikira m'ndevu. "Malizitsa mutuwu. Lero sindithawa."

Madzulo ake, mwana uja akuti, a Mphenzi anapempha chakudya. Anamwalira mwezi usanathe.

Masiku ano wa takisi amachiliza chimbalecho osapumira, n'kumauza okwera kuti iye anachikonda kuyambira pachiyambi. Sitimutsutsa. Msewu wathu wazizira, palibenso wothamanga wopanda womuthamangitsa. Ndikachiika m'shopu, nyimbo yomaliza ikatha mumakhala zii, tonse maso pakhomo, aliyense yankho lili pakamwa. Koma palibe amene amasuzumira kudzafunsa kuti tati bwanji.