Tsiku Limene Ndinanyamula Che Jafali Ngati Khanda

Pepani owerenga kuti munthu ngati ine, amene sukulu ndinalekezera Fomu 2 kwathu ku Chowe, ndalimba mtima kugwira cholembera. Sindikanalemba ayi, koma nkhaniyi anthu a kugombe la Nkopola akuikamba mosiyanasiyana, mpaka ena akuti ndinachita dala. Ndiye bola ndiulule ndekha, poti manyaziwo ndi anga kale.

Ndimagwira ntchito yosesa mchenga pa loji ina. Tsiku lina alendo anaiwala buku la zithunzi za nyama, ndipo abwana anati ndilitenge. Ndinaliwerenga katatu, mawu ovuta ndikufunsa mnzanga wa kukhitchini. Zimene ndinapezamo zinandizunguza mutu! Kalekale kunali zinyama zotchedwa madainoso, zina za makosi ngati mitengo ya mgwalangwa, zotalika mamita makumi atatu kapena kuposa. Koma polemera, ngakhale chachikulu koposa chimaperewera kutali kwa namgumi wa m'nyanja zamchere, amene amaposa njovu makumi awiri. Chifukwa chake? Nyama ya pamtunda imanyamulidwa ndi miyendo, ndipo miyendo ili ndi malire. Namgumi amanyamulidwa ndi madzi.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikufuna kukwatira Asiyatu, mtsikana wogulitsa usipa. Iye anali atalola, koma mawu omaliza anali kwa amalume ake, Che Jafali, mwini mabwato awiri, munthu wa mimba yolowa pakhomo mwiniwake asanafike. Amayi anga anandilangiza kuti, "Uzipita kukawathandiza kusoka maukonde. Manja azigwira ntchito, pakamwa pazikhala potseka."

Milungu iwiri ndinakwanitsa. (Sizinavute, ine ndi munthu woti mkulu akandiyang'ana ndimaiwala ndi dzina langa lomwe.)

Ndiye m'mawa wina tikusoka pansi pa mkuyu, akuluakulu anayamba kutsutsana za nyama yaikulu koposa. Wina anati mvuu, wina njovu. Che Mussa, amene anakhalako ku Karonga, anati iwo anaona mafupa a dainoso ndi maso awo, ndipo palibe cholengedwa chinaposa pamenepo.

Ndinangomva pakamwa panga patseguka pokha. "Pepani akuluakulu, koma namgumi ndi wolemera kuposa dainoso."

Onse anatembenuka. Che Jafali anaika pansi chingwe.

"Eee! Kodi amalankhula uyu? Tanena, mnyamata."

Ndinanena zonse, mawu akuthamangitsana. Ndinati taonani bwato: pamchenga timalikoka anthu asanu ndi mmodzi tikubuula, koma pamadzi munthu mmodzi amalikankha ndi dzanja.

"Bwato ndi mtengo," anatero Che Jafali. "Nyama ndi nyama. Ukufuna kundiuza kuti m'madzimo ine ungandinyamule?"

Anthu anafa nalo phwete. Apa munthu wanzeru akanaseka nawo n'kupitiriza kusoka. Ine ndinati, "Ndingathe, bambo."

"Walahi, lero tiona!" Anavula malaya, natsala ndi kabudula ndi kofia kumutu. "Ukalephera, usadzapondenso pa maukonde anga."

Tinalowa m'madzi mpaka m'chifuwa. Ndinapepesa kaye, kenako ndinaika dzanja limodzi kumsana kwawo, lina pansi pa mawondo, n'kukweza. Abale inu! Che Jafali anabwera m'manja mwanga ngati mtolo wa udzu. Kugombe kunabuka phokoso, malikhweru, ena kuwomba m'manja. Amayi ogula nsomba anasiya mabeseni kudzaonerera. Che Jafali eni akewo anayamba kuseka, mapazi akuphiriphitha pamwamba pa madzi.

"Mussa! Ukundiona? Ndapepuka ngati nkhuku!"

"Chiyambire kubadwa!" anayankha Che Mussa.

Mtima wanga unadzaza. Chibadwire sindinaomberedwepo m'manja. Ndinafuula kuti, "Apa ndiye namgumi! Tsopano onani za dainoso!" Ndipo ndinayamba kuyenda nawo kulowera kumtunda.

Cholinga changa chinali choti ndiyende pang'ono, anthu aone kuti kulemera kukubwerera, kenako ndiwatsitse mwaulemu. Madzi atafika m'chiuno, mikono inayamba kukoka. Atafika m'ntchafu, msana unalira. Apa ndi pamene ndinazindikira vuto limene m'buku munalibe: kodi mkulu, amalume ake a mkazi amene ukumufuna, umawauza bwanji kuti "tsikani, mukulemera"? Ndinasakasaka mawu aulemu m'Chichewa, sindinawapeze. M'Chiyao namonso munalibe. Ndiye ndinangopitiriza kuyenda.

Iwo n'kuti akusangalala, akubayibitsa anthu ngati phungu pa galimoto ya kampeni. "Pitirira, mnyamata! Ukandisiye pa mkuyu!"

"Chabwino, bambo," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mbuzi yomangidwa pakhosi.

Madzi m'mawondo. Miyendo yanga inayamba kuvina yokha. Ndinamva Che Mussa akuti, "Jafali, mwana wa eni akufa uyo!" Ndinaponda kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu miyendo inakana.

Khuuu! Tinagwera pamalo pamene amayi amatsukira nsomba, pamatope a mamba ndi matumbo. Che Jafali anakhala pansi ndi mphamvu yonse ya thupi lawo, kabudula n'kung'ambika kumbuyo ndi phokoso limene aliyense anamva. Kofia inayandama kulowera kunyanja. Ine ndinali pansi pawo, mwendo umodzi wokha ukuoneka. Nditatulutsa mutu, munthu woyamba kumuona anali Asiyatu, atadzitseka kumaso ndi mpango, mapewa akugwedezeka. (Mpaka lero amalumbira kuti ankalira.)

Mayi wina anavula chitenje chapamwamba n'kuwaponyera. Che Jafali anadzikulunga, nadzuka, nayenda kupita kwawo osatembenuka.

Choipa kwambiri chinabwera pambuyo. Pofika mawa lake gombe lonse linali likuwatchula kuti Che Namgumi. Ankati akaimirira m'bwato, alovi awo omwe, anyamata okoka ukonde, ankanong'onezana kuti, "Asatsikire kumtunda, alemera." Ine ndinagona masiku anayi ndi msana, amayi akundithowa ndi madzi otentha uku akundikalipira. Mwezi wonse wa Ramadhani ndinkazungulira njira ya kumsewu kuopa kukumana nawo. Asiyatu anangonditumizira mawu akuti amalume sakufuna kumva dzina langa.

Kenako Che Jafali ananditumizira uthenga kuti ndipite ndi amalume anga. Tinawapeza pakhonde, Che Mussa ali pambali. Ndinagwada patali ndithu.

"Mnyamata iwe," anatero Che Jafali, "unadziwa liti kuti sungathe?"

"Madzi ali m'chiuno, bambo."

"Nanga osandiuza bwanji kuti nditsike?"

"Ndinaopa kukulakwirani."

Anatembenukira kwa amalume anga. "Mwamva? Analolera kuthyoka msana kusiyana ndi kundiuza kuti ndine wonenepa. Nzeru n'zoperewera, koma ulemu ulipo. Asiyatu ali ndi nzeru zokwanira anthu awiri. Amutenge."

Ndinayenera kungothokoza basi. Koma chimwemwe chinanditsegulanso pakamwa. "Zikomo bambo. Komatu mwaona kuti za dainoso zija zinali zoona?"

Amalume anga ananditsina pantchafu mpaka ndinalumpha. Che Mussa anagwa pampando ndi kuseka, ndipo Che Jafali analoza kuchipata kuti tizipita asanasinthe maganizo. Zikuoneka kuti kutseka pakamwa sindinaphunzirebe.

Nkhaniyi inathera pamenepo, tsiku lachiwiri la Idi yomasula kusala kudya, chaka chathachi, dzuwa lili pamutu.