Khonde la Abambo, Chulu cha Amayi

Lolemba

Abambo akubwera Lamulungu!

Uthenga wafika ndi dalaivala wa lole ya mbatata. Akuti achoka kale ku Zambia, ali kwa msuweni wawo ku Blantyre. Ndasoka mkono wa diresi la kasitomala molakwika, ndamasula, ndasokanso molakwika. Ndatseka makina, ndabwera kunyumba.

Zaka makumi awiri ndi kanthu. Anathawa ine mano akutsogolo atangoguluka, atanena zosayenera za makhadi a chipani pamaso pa a Chiwaya a kutsidya kwa mtsinje, munthu wa makutu aatali. Lero zipani zamera ngati bowa, aliyense akunena zakukhosi, ndipo othawa akubwerera mmodzimmodzi.

Koma dalaivala wawonjezera kamawu: "Akuti ndi masiku ochepa chabe, angoona kwawo basi." Amayi angoti, "Mlendo ndi mame," n'kupitiriza kusankha nyemba. Ine sindikufuna mlendo. Ndikufuna akhale.

Ndiye ganizo langa ndi khonde. Nyumba yathu ili pamtsetse, ndipo Abambo, kalipentala wophunzira kumishoni, anaimika mizati kutsogolo n'kuyala matabwa, khonde lam'mwamba lokhala ndi masitepe ake ndi pogwira pake. Mudzi wonse unkabwera kudzaliponda. Zida zawo tinagulitsa, njinga inatha, chawo chatsala ndi chimenechi. Munthu akapeza chake chilipo mtima umakhala pansi, akapeza chawola amanyamula chikwama.

Zofunika:
matabwa ouma
misomali
oyilo wakuda wa kuchigayo, wothamangitsa chiswe
a Kamwendo, kalipentala
dzuwa

Abambo ndikuwaona kale. Madzulo, nkhungu ikukwera kuchokera kudambo, mitengo ya manachesi ikudontha, iwo ali pampando, ine pambali, tikuyang'ana mapiri osalankhula kanthu. Ndatuluka kuti ndiime pomwe padzakhale mpandowo. Mwendo walowa mpaka m'bondo.

Lachiwiri

Mvula usiku wonse, mvula m'mawa.

A Kamwendo tinapangana m'mamawa, afika masana. "Pano ndi demokalase, a telala, munthu amadzuka mtima ukafuna." Ayenda pakhonde chonyang'ama, agogoda apa ndi apo, apukusa mutu ngati dokotala. "Tizule onse, tione matenda."

Tazula onse! Kuzula n'kokoma, sikufuna maphunziro. Thabwa lina likungonyenyeka m'manja ngati chikondamoyo. Pofika madzulo kwatsala mizati ndi mitanda yokha, ndipo chitseko chakutsogolo chikutsegukira m'malere. Tikulowera kuseri.

Matenda aoneka: chulu. Ndimadziwa kuti pansi pa khonde pali kachulu, koma ichi si kachulu ayi. Chafika m'chiuno mwanga, chakumbatira mizati iwiri. Pambali pake pali dzenje, m'dzenjemo mphika, pamwamba masamba a nthochi. Ngumbi ndadya chaka ndi chaka pakhomo pano, koma sindinafunsepo kuti zimanenepa ndi chiyani. Kani zimanenepa ndi ntchito ya Abambo.

Ndapita kukatenga khasu. Amayi aima pakati pa ine ndi chulu, manja m'chiuno.

"Usachikhudze. Bambo ako anali ku Zambia, ichi chinali pano. Makope ako a kusukulu ndinkagula ndi chiyani?"

Ndabweza khasu. A Kamwendo afunsa kuti ngumbi zituluka liti.

Lachitatu

Kwa ocheka matabwa kuphiri: alipo ambiri, onse aawisi, ukawanyamula akulira madzi. Ndagula angapo poti ndafika kale.

Koma mwayi! Mwini golosale kuboma anasunga matabwa a mlombwa kudenga kuyambira chaka chatha, ankafuna mashelefu. Tagwirizana kuti ndisoka mayunifolomu a ana ake onse, ndipo ana ake si ochepa. Ouma gwa, ofiirira, ukagogoda akuyankha. Abwera pangolo titawafunditsa pepala la pulasitiki ngati wodwala. Ndawaika pabalaza. Ndikumapita kukawanunkhiza.

Oyilo ndapeza, chigubu chodzaza. Amayi amva fungo ndisanalowe n'komwe. "Ngumbi zonunkha chigayo adya ndani?"

Ndafotokoza modekha kuti mzati wosapaka oyilo ndi chakudya cha chiswe. Iwo akuti ndicho cholinga. A Kamwendo akuti masiku ano nkhani zotere zimatha ndi voti. Taponya. Ofuna oyilo: ine. Osafuna: Amayi ndi a Kamwendo, amene alonjezedwa mbale ya ngumbi ine ndikuona. Ndavomereza zotsatira mwaulemu, ndadandaula chamumtima.

Palibe msomali walowa lero. A Kamwendo akuti sakhoma pamvula, hamala imaterera.

Komabe mtima uli m'malo. Ndagona pamphasa pafupi ndi matabwa anga, mvula ikuimba pamalata, ndipo ndikuona khonde latha, lonyezimira. Abambo akusisita pogwira ndi chikhatho n'kufunsa kuti wachita izi ndani. Ine ndikuyang'ana kumbali ngati sindinamve. Kenako akutuma munthu ku Zambia kuti katundu wawo yense abwere, ndi mbuzi zomwe ngati ali nazo.

Lachinayi

Kutsidya kwamveka kulira kusanache. A Chiwaya atisiya.

Dzuwa likadakhalapo ndikanati litakwera pang'ono, kwafika akuluakulu atatu, zipewa m'manja, anyowa mpaka kumiyendo. Alowera kuseri poti kutsogolo kulibe pokwera. Pabalaza mipando ndi iwiri, wachitatu wakhala pa matabwa anga. Malonje. Za mvula. Za chimanga. Wokhala pamatabwayo akungowasisita.

"Tamva kuti pakhomo pano pali ouma."

Ndani akana matabwa a bokosi? M'dzinja muno ouma kulibe kwina kulikonse kuyambira kuno mpaka ku Matandani, ndipo akudziwa, poti ngolo ija inadutsa pakati pa mudzi. Ndayang'ana kwa Amayi kuti mwina akumbutsa anthu zakale. A Chiwaya omwewa! Amene anathawitsa Abambo n'kutidyetsa ngumbi zaka zonsezi!

Amayi akuti, "Apatse, mwanangu. Khonde limeneli malemuwo ankalikonda, sankachokapo." Akuluakulu avomera ndi mitu mwachisoni. Atatuluka, Amayi awonjezera chapansipansi: "Kudikira zaka zonsezi, n'kuthawa kwatsala masiku atatu."

Zapita:
matabwa ouma, onse
misomali, theka
a Kamwendo, ndi hamala yawo, imene lero sikuterera

Zatsala: oyilo woletsedwa, matabwa olira, mayunifolomu oti ndisoke.

Ndapita kukakhala nawo pamaliro monga mwa mwambo. Kuseri kwa nyumba kumamveka sowo ikudya mlombwa wanga, ndipo anthu aona misozi yanga n'kunena kuti mwana wa kalipentala uja ali ndi mtima wokhululuka.

Lachisanu

Bokosi lake! Kunena zoona Neno yonse sinaonepo. Losalala, makona ogwirana bwino, a Kamwendo aima pambali akulandira mayamiko ngati mwini ukwati. Ndanyamulako nawo popita kumanda. Phewa langa lawazindikira matabwa aja. Ndatsanzikana nawo bwinobwino, ndathirapo ndi dothi.

Madzulo mvula yakata mwadzidzidzi. Kwafunda, nthaka ikufuka nthunzi, kumadzulo kwang'ambika kamzere kofiira. Amayi anunkhiza mpweya n'kuti, "Lero."

Ngumbi zatulukadi. Poyamba imodzi imodzi, kenako utsi weniweni wa mapiko, ukukwera kudutsa m'mitanda yopanda matabwa, kupita kumwamba kumene kukanakhala mpando wa Abambo. Ndaima pachitseko chotsegukira m'malere ndikungoyang'ana. Khonde lonse la Abambo, limene chiswe chadya pang'onopang'ono kuyambira ndili mwana, lamera mapiko likuuluka. Sindinaonepo chinthu chokongola chotere, ndipo ndakwiya kuti n'chokongola.

Pansi, Amayi ndi anzawo a kutchalitchi ali ndi ndowa, mabeseni, tsache, akuseka ngati atsikana. Mmodzi wa iwo, mayi wathupi lake ndithu, watopa n'kutsamira mzati wapakona.

Mzati unali khungu lokha. Wangoti fwa, fumbi. Mtanda watsika pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kugona pachulu.

Palibe wavulala. Mphika wapulumuka, ndipo aliyense wathokoza Mulungu chifukwa cha mphikawo. A Kamwendo atulukira nthawi yomweyo ndi mbale yawo.

Loweruka

A Kamwendo sabwera. Kuboma kuli msonkhano wa chipani, akugawa nsalu. Sakudziwa kuti ndi chipani chiti, akuti akaona pansaluyo.

Ndiye ndekha. Mwana wa kalipentala ndine, magazi sanama. Ndabwereka hamala ndi sowo kwa oyandikana nawo. M'malo mwa mzati wagwa uja ndaimika mtengo wa bulugamu, ndautchinjiriza ndi miyala.

Zimene ndaphunzira lero:
thabwa si nsalu, ukalikoka silitalika
ukasiya malo a msoko, pamatsala mpata wolowa phazi
msomali ukapindika sumasuleka ngati ulusi
chala chachikulu chili ndi mawu ambiri

Mvula yabwerera, ija yamvumbi yosatopa. Pofika madzulo ndakhoma matabwa okwana njira yochokera pachitseko kukafika pomwe panali masitepe. Yapendekera kudambo. Ndathirapo madzi kuti ndione, madzi athamanga. Nkhuku yayesa kuwoloka, yafika pansi isanaganize.

Amayi abwera ndi kamtolo, nsalu yatsopano ya maluwa obiriwira imene sindinaionepo. "Undisokere bulauzi. Si chifukwa cha munthu ayi, yakale ija yang'ambika." Yakaleyo ndinaisoka ndine mwezi watha. Ndasoka, ndipo msoko uliwonse wawongoka.

Ndikuopa. Ndilembe pano poti palibe amene awerenge. Nkhope ya Abambo sindikuikumbuka bwino, ndimakumbuka nsana wawo atawerama ndi fungo la utuchi. Ndilibe choti ndidzawauze. Khonde lija ndilo limayenera kulankhula m'malo mwanga, kuti tinakusungirani malo, musapitenso. Tsopano likunena kuti chiyani?

Lamulungu

Lole yatitimira m'matope kutali ndi kuno. Abambo afika wapansi, masana, atapinda buluku. Munthu wamng'ono, wa imvi, wamfupi kuposa ine. Chikwama chimodzi, chaching'ono, cha masiku ochepa.

Amayi ali mu bulauzi ya maluwa, agwada, apatsana moni ngati anthu okumana kuchigayo. Ine ndagwira dzanja la Abambo ndi manja awiri. Ndafuna kuwalowetsera kuseri mwachangu. Iwo apita kutsogolo.

Aima pamvula nthawi yaitali. Ayang'ana mtanda wogona pachulu, bulugamu wanga ndi miyala yake, njira ya nkhuku ija. Aika chikwama pansi. Agwira msomali umodzi ndi zala n'kuuzula ngati akuzula udzu.

Zaka makumi awiri ndi kanthu ndadikira mawu a bambo anga. Mawu ake ndi awa: "Wachita izi ndani?"

Ndayang'ana kumbali. Sizinathandize.

"Aawisi! Kukhoma aawisi, m'dzinja! Awa azulidwe onse, aikidwe pamthunzi motalikirana, sauma mpaka mphepo yozizira itadutsa. Mizati yonse isinthidwe, ndikasankha ndekha kuphiri. Ndipo chulu ichi chichoke mawa."

"Chulu ndi changa," atero Amayi.

"Chili pansi pa khonde langa."

"Khonde lake liti?"

Akangana mpaka tiyi wazizira. Abambo akuti chulu chisamuke, Amayi akuti khonde ndilo lisamuke. Pena ake Amayi amaseka chobisa m'nsalu. Palibe wagonja, agwirizana kuti apitiriza mawa, ndipo mmene ndikuwaonera awiriwa, nkhaniyi ikolola chimanga isanathe.

Ine udindo wanga walengezedwa: kunyamula, kugwira pamene ndauzidwa, kusayandikira hamala. Mpando, nkhungu, mapiri, kukhala chete awiri, zonsezo ziiwalike. Chete palibe, munthuyu amalankhula, ndipo zambiri ndi za misomali yanga.

Madzulo andiitana. "Iwe, amati ndiwe telala eti? Ndabwera ndi malaya awiri okha. Undisokere ovolosi, ya nsalu yolimba, matumba akuluakulu."

Ndawayeza. Aima chilili, manja otambasula, ine ndikuzunguliza tepi pachifuwa pawo, ndipo ndachedwa dala. Ndalemba miyezo kawiri chifukwa koyamba maso sankaona bwino.

Khonde palibe. Matabwa ali kumanda, oyilo ali m'chigubu, mvula ikugwa, tikulowerabe kuseri. Ovolosi akuifuna Lachiwiri, ndipo akuti ndisasoke mmene ndimakhomera.