Tsiku Limene Ndinamiza Apongozi

Mukadzalowa m'tchalitchi chathu ku Chinyunyu, musadzayang'ane khoma la kumanzere. Ngati munaliona kale, sekani muli kwanuko.

M'zaka za m'ma 1990 ndinkajambula zikwangwani m'mbali mwa msewu: mitu ya pometera tsitsi ndi nkhuku za pamalesitilanti (ena ankati ndi abakha, koma inali nsanje chabe). Tsiku lina wansembe wathu, mzungu wokalamba wa ku Jeremani, anandionetsa buku la zithunzi za wojambula wina wakwawo wakalekale. Anati munthuyo anakaphunzira ku Roma, najambula nkhondo za mafumu pamakoma a nyumba zachifumu, kenako anatembenukira ku nkhani za m'Baibulo. Nkhope ankangotenga za anthu okumana nawo m'njira.

"Khoma lathu lili mbee," anatero. "Ungayese?"

Mtima wanga unadumpha! Ndinasankha Farao akumira m'Nyanja Yofiira, mahatchi miyendo m'mwamba. Mose ndinamupatsa nkhope ya akatekisiti, ndipo iwo anayamba kundipatsa moni kawirikawiri.

Nthawi imeneyo ndinali nditafunsira Esnati wa ku Shikabeta, koma bambo ake anali asanayankhe. Ankakayika ngati wojambula nkhuku angadyetse banja. Ndinapitako kamodzi ndi amalume, ndipo mwamwambo ndinagwada maso ali pansi mpaka kutsanzika. Cha apongozi chimene ndinkadziwa ndi nsapato basi: zamatayala, lamba wina womangidwa ndi waya wofiira.

Nkhope ya Farao inandisowetsa mtendere, kufikira tsiku lina pasiteji ya ku Rufunsa. Ndinaona bambo wina akukangana ndi kondakitala amene ankakana kukweza mbuzi yake. Maso psuu, ndevu njo, mphuno ikufufuma. Farao weniweni! Ndinabisala kuseri kwa matumba a makala n'kumujambula pakatoni (kumapazi sindinayang'aneko, Farao womira safuna mapazi).

Lamlungu lovundukula chithunzi ndinaitana banja lonse la Esnati, lidzaone kuti mkamwini si munthu wamba. Atakoka nsalu, nthungululu zinang'amba denga. Ine chifuwa patsogolo, m'maganizo ndili kale ku Roma. Kenako kunamveka mfuu.

"Mayo ine!" Anali Esnati. "Farao uja ni batate!"

Ndinagwetsa maso ndi manyazi, ndipo pafupi nane panaima nsapato zamatayala za waya wofiira. Ndinalakalaka nditamira ndine.

Poti mpongozi sayankhula ndi mkamwini mwachindunji, mkuluyo anatembenukira kwa amalume.

"Mufunseni mwana wanu. Ninamulakwira chani kuti animize pamenso pa mpingo?"

"Akuti sanakuziweni," anayankha amalume, ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa. "Tsiku lija sanakuyang'aneni kumenso."

Apongozi anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Esnati ankalira, amayi ena akudziluma milomo kuti asaseke.

"Ulemu ali nao," anatero potsiriza. "Na mphuno waipeza bwino. Manje mumuuze so: ngati afuna Esnati, anichotse mu manzi. Anipase ndodo ija ya Mose."

"Nanga Mose ndine!" anadandaula akatekisiti.

"Imwe mwaimilira kale pamtunda, yakwana," anatero apongozi.

"Nanga Farao azankhala ndani?" anafunsa amalume.

"Mwana wanu alibe galasi kunyumba?"

Sabata yotsatira ndinakwera pamakwerero, galasi la Esnati kudzanja ili, bulashi kudzanja linalo. Ndinadzijambula kukamwa kuli yasa, madzi ali m'khosi, apongozi ali pamtunda atandilozetsa ndodo. Wansembe anaseka mpaka kutsokomola, nati ngakhale wojambula wakwawo uja sanafikepo pamenepo.

Esnati ndinamukwatira. Ana athu anakula akuona bambo awo akumira Lamlungu lililonse, agogo awo osawaponyera ngakhale chingwe. Kujambula nkhope za anthu sindinasiye, koma masiku ano ndisanagwire pensulo ndimayamba ndayang'ana nsapato.