Fomu Imodzi Yokha

Lolemba

A Hedi andiitana ku ofesi. Bungwe lina likupereka sikolashipu kwa olowa yunivesite: fizi, malo ogona, chakudya, mabuku, zonse. Sukulu yathu yalandira fomu imodzi yokha, ndipo aipereka kwa ine. Ili ndi nambala yake. Fotokope salandira. Ikafike ku ofesi ya bungwelo ku City Centre pofika Loweruka masana.

Pulani yanga:
1. Chithunzi.
2. Kulemba mayankho pa pepala lina kaye, kuopa kulakwitsa.
3. Saini ndi chidindo cha a Hedi.
4. Osauza munthu.

Lachiwiri

Nambala 4 yafa. Ndangouza amayi okha basi. Pofika madzulo mzere wonse wa pampopi ukudziwa. Amayi a Shakira, oyandikana nafe, akunditchula "Adokotala" ndipo andionetsa chotupa cha pabondo. Ine ndikufuna za uinjiniya.

Amalume abwera kuchokera ku garaja kudzaona fomu. Sasamba m'manja. Pakona pali chala chawo cha girisi. Akuti: "Akadziwe kuti uli ndi abale."

Lachitatu

Ku Mchesi kukajambulitsa. Magetsi kulibe. Ndidikira maola awiri. Atayaka, wojambula andiveka jekete ndi tayi pa kompyuta, andiyeretsa nkhope, achotsa ndi chipsera changa. Osandifunsa.

A Hedi ayang'ana chithunzicho, ayang'ana ine. "Awa ndi bambo ako?"

Ndabwerera. Chachiwirichi maso ndatsinzina pang'ono, koma ndine.

Lachinayi

A Hedi apita kumaliro ku Dowa. Chidindo chili m'dirowa. Kiyi wa dirowa ali m'thumba mwawo. Achiwiri awo akuti: "Chidindo si mchere, sitibwerekana."

Mvula masana onse. Denga likudontha pamwamba penipeni pa tebulo langa. Dontho limodzi lagwera pa fomu. Ndakuwa. Amayi aiona, andiona, atchera beseni pamene pakudonthapo. 

Mayankho ndamaliza pa pepala lina. Mawa m'mawa ndikopera.

Lachisanu

Fomu mulibe m'buku mmene ndinaibisa dzulo.

Ndasanthula chikwama, pansi pa matiresi, paliponse. Amayi alowa akumwetulira, fomu ili m'manja. Yowala. Youma ngati mbale. Alawirira kumsika kukaimatitsa pulasitiki, monga anachitira ndi khadi langa la ubatizo ndi satifiketi ya Sitandade 8.

"Tsopano ivumbe mmene ikufunira," akutero.

Sindinalembepo ngakhale dzina langa!

A Hedi abwerako ku Dowa, ndawapititsira fomu. Adinda: inki ikungoyandama. Aipukuta ndi chala, yachoka yonse. Adindanso mwamphamvu, chidindo chaterereka, inki yathera pa mkono wa shati yawo yoyera. Bolopeni zitatu zakana. Apumira m'mwamba. "Zaka zonsezi ndikuphunzitsa, izi ndiye ndaziona lero."

Loweruka

Zomwe ndayesa mbandakucha:
- lezala
- nthunzi ya ketulo
- simbi, malangizo a amalume

Pulasitiki ikumatuka, inde, koma ikunyamula ndi zilembo zomwe. Ndasiyira pakati.

Ndapitabe ku City Centre, mayankho anga ndawamata kumbuyo ndi selotepi. Mayi wa pa kauntala aitembenuza, aigogoda ndi chikhadabo, aitana mnzake wa chipinda china kuti adzaone. Sakuseka mokweza, ndiwayamikire pamenepo. Ndapempha fomu ina. Palibe. "Imodzi pa sukulu, mwanawe. Ukakhoza bwino udzayese chaka chamawa."

Ndabwerera kwathu ku Kawale wapansi. Sindimafuna kufika msanga.

Lamulungu

Amayi sanapite kutchalitchi. Achapa yunifolomu yanga kawiri, yoyera kale.

Ndawauza zonse. Akhala pakhonde nthawi yaitali. Ndimafuna kukwiya, koma aliyense amene ndamuwerengera mlandu sabata ino amandifunira zabwino. Ukakwiyira ndani?

Mayeso ali pafupi. Ndatsegula buku la masamu. Chaka chamawa ndi kutali, koma chiliko.

Amayi aima pakhomo. "Ukakhoza, pepala lako lililonse sindidzaligwiranso."

Ndagwedeza mutu.

Aimabe.

"Mpaka adinde kaye."