Nkhondo ya Mabawuti Achikasu

Tcherani khutu, inu a ku Ulongwe ndi a kwa Nsamala, inu ogulitsa chimanga m'mbali mwa msewu ndi inu oitanira maminibasi, pakuti ndikukamba za chaka chija mafuta ankasowa, pamene amuna olimba mtima ankapsa ndi dzuwa pamizere atakumbatira zigubu; chaka chimene Yotamu, Mgonjetsi wa Minda ya Nandolo, Mwini Chigayo Chosapuma, iye amene akatsokomola nkhuku zimasiya kupalasa, anatsikira ku Balaka kukagula galimoto.

Galimotoyo inali yoti ena anaiyendetsapo kale, inakulira ku Japan ndipo inabwera kuno kudzakalamba. Yotamu sanapite yekha, chifukwa kwathu kuno munthu sagula chinthu cha injini popanda womumvetserera. Anatenga Che Haruna, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, Mfumu ya Masipanala, Wodzutsa Zakufa, amene kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anachiritsa njinga yakapalasa ya Yotamu, kenako yamoto, kenako chigayo, ndipo m'mawa uliwonse ankamwa naye tiyi pabenchi limodzi. Che Haruna anagunditsa sipanala pa injini, mbali inayo kukhutu, natsinzina kwa nthawi. "Mtima uli bwino, achimwene," anatero. "Tengani."

Apa ndi pamene anadzambatuka wogulitsa galimotoyo, a Dave, a Nsapato Zosongoka, atanyamula chikalata cholimba ngati katoni.

"Iyi ndi walanti, bwana. Mukawonjezerapo kangachepe, chikafa chilichonse mu injini miyezi isanu ndi umodzi isanathe, tikonza ife ulere. Koma lamulo ndi limodzi." Analoza mabawuti a injini, lililonse lili ndi kadontho ka penti wachikasu. "Pentiyu akangosweka, tidziwa kuti wina wagwirapo, walanti yafa pomwepo. Amakaniko a pansi pa mitengowa asayandikire. Tengani chikalatachi, muganize masiku asanu ndi awiri."

Ha! Mawu amenewa anagwa Che Haruna ali pomwepo. Anapukuta sipanala yawo, anaiika m'thumba, ndipo ngakhale m'galimoto yatsopano munali mipando yopanda anthu, iwo anabwerera ku Ulongwe pa minibasi, atapanikizidwa pakati pa matumba a usipa.

Kunyumba kunali kukudikira gulu lina lankhondo: Gladys, mkazi wa Yotamu, Mayi wa Mawu Osabwerera, amene anagonjetsapo mavenda atatu a thonje tsiku limodzi pa nkhani ya sikelo.

"Abambo!" anafuula atangomva za walanti, ataima pakhonde ngati mkulu wa asilikali. "Nandolo wa zaka zinayi ali m'chitsulo chimenechi. Ine ndinapsa msana! Che Haruna ndi munthu wabwino, sindikukana, koma chigayo chija anachimanga ndi mphira wa tayala, mpaka lero chikamalira agalu amathawa. Galimoto iyi ikufuna pepala!"

Tsiku lachitatu Yotamu analimba mtima, anapita kumtengo wa mango. Anapeza kapu yake ya tiyi itavundikiridwa pabenchi.

"Mwaswera bwanji, bwana?" anatero Che Haruna.

Bwana! Munthu amene anamutchula achimwene kuyambira ali ndi tsitsi lonse kumutu!

Ndipo Mfumu ya Masipanala inakwera pa tayala lakutha, niyankhula kwa onse osewera bawo pansi pa mtengowo: "Mverani, anthu inu! Pepala lili ndi makutu kodi? Linamvapo injini ikutsokomola? Chigayo chitafa Khisimasi ili mawa, ndani anagona pansi pake, ine Msilamu, kuti Akhristu adye? Lero manja awa akuti ndi odetsa penti. Chabwino! Apite nayo kwa a Dave!"

Masiku otsalawo Yotamu anayenda ngati wodwala dzino. Akayang'ana galimoto amaona thukuta la mkazi wake, akadutsa pamtengo amaona kapu yovundikiridwa. Koma Gladys sanatsitse mbendera, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, awiriwo ananyamuka kupita ku Balaka kukagula walanti, chikalata chili pamiyendo ya mayi ngati mwana wa ubatizo.

Sanafike. Ali pakati pa njira, pamalo popanda ngakhale golosale, boneti inafuka nthunzi, galimoto inalira kawiri, basi zii. Madzi anali chuchuchu pansi. Mbuzi ziwiri zinabwera kudzaonerera.

Yotamu anaimbira a Dave.

"Pepani, bwana," anatero a Nsapato Zosongoka, "walanti imayamba mukalipira. Komanso za madzi sizilimo, onani kuseri kwa chikalata, timalemba tating'onoto. Ndipo galimoto mumabweretsa nokha kuno. Koma musalole munthu aigwire!"

Gladys anatembenuza chikalata, anawerenga timalembato akuloza ndi chala, milomo ikugwedera. Atamaliza anangoti, "Imbirani alamu, Che Haruna."

Yotamu anameza malovu, anameza ndi ulemerero wake womwe, naimba. Pasanathe ola kunamveka kulira kwa njinga yamoto, ndipo anatulukira Che Haruna, mkanjo ukuuluka kumbuyo, thumba la masipanala lili pachifuwa. Anatsika. Anasuzumira mu injini manja ali kumbuyo.

"Gasiketi, uja amatseka polumikizira paipi ya madzi kuti pasadonthe, wang'ambika," anatero. "Ntchito yochepa. Koma mabawuti ake awiriwo ali ndi penti, bwana. Ine iyayi, ndingakuphereni pepala lanu."

Ngakhale mbuzi zija zinasiya kutafuna. Yotamu anayang'ana madontho achikasu, anayang'ana mnzake wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, amene anathamanga mtunda wonsewo padzuwa asanafunse n'komwe kuti avomerezedwa kapena ayi. Manyazi anamugwira. Anapisa dzanja m'thumba la Che Haruna, anasolola sipanala, anaikoleka pa bawuti, nakoka yekha. Penti uja anati the!

"Ndaswa ndine," anatero. "Gwirani, achimwene."

Che Haruna anapinda manja a mkanjo. Atamasula zonse anakanda kumutu. "Gasiketi wina ndilibe. Pakufunika pepala lolimba ndithu, longa katoni."

Onse atatu anayang'ana pamiyendo ya Gladys. Ndipo Mayi wa Mawu Osabwerera anaimirira, napereka chikalata ndi manja awiri, atapinda bondo. Che Haruna anachigoneka pachitsulo, anachigogoda m'mbali ndi kahamala mpaka gasiketi anatuluka bwinobwino, anamupaka girisi, namanga. Madzi anapempha pamjigo wapafupi. Yotamu atapotoza kiyi, injini inabangula, mbuzi zinabalalika.

Mtendere anausainira pa boneti pomwepo, ndi mandasi asanu ndi chimanga chowotcha chogulidwa kwa mayi wodutsa. Pobwerera, Che Haruna anatsogola ndi njinga ngati woperekeza nduna, galimoto ikuliza hutala kuyambira pamalopo mpaka ku Ulongwe, kumene osewera bawo anaimirira ndi kuwomba m'manja, ndipo chotsala cha chikalata, chili ndi chibowo pakati, anachikhomera pamtengo wa mango kuti mibadwo idzaone kuti walanti ija inathandizadi galimoto.

Gladys yekha ndiye sanafune kugonja osafunsa. "Nanga alamu," anatero, "walanti yanuyo ndi ya miyezi ingati?"

Che Haruna anavundukula kapu ija, anaipukuta ndi mkanjo, anathiramo tiyi, naikankhira kwa Yotamu.

"Mpaka tsiku limene mmodzi wa ife adzaperekeze mnzake kumanda, alamu. Ndipo za madzi zilimo."