Tsiku limene kompyuta inatsutsa a tcheyamani

Mpaka lero ndikamva mawu anga ojambulidwa, thupi limachita tsembwe. Zinayambira ku Phalombe, ndili mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ya mishoni cha kwa Mkhumba, zaka zija mafoni a m'manja ankangofika kumene kumidzi.

Sukulu yathu inalandira makompyuta akale kuchokera kwa akufuna kwabwino, ndipo poti ine ndinkadziwa poyatsira, ndinasanduka katswiri. Msuweni wanga wa ku Blantyre ananditumizira sidi ya kapulogalamu kolembera mawu, pamodzi ndi malamulo onse amene anakapangira, oti aliyense atha kuwasintha. Ine ndinafuna kuti kapulogalamuko kadziwe zilankhulo zathu. Kazilemba ŵ wa kachipewa mosavuta, komanso kaleke kudula mawu ngati ng'ombe mzere ukatha, ng' kutsala pamwamba, ombe kugwera pansi.

Koma ntchito yake inali yotopetsa. Ukasintha kamzere kamodzi, umayenera kuuza kompyuta kuti isandutse malamulo aja kukhala pulogalamu yeniyeni (eni ake amati kukompaila), kenako kuyesa chimodzichimodzi ngati sunaononge zina. Ukafika pakati, magetsi phethi! Mawa kuyambiranso.

Ulesi ndi umene unandipatsa nzeru. Ndinalemba kafayilo koti kompyuta izichita zonsezo yokha. Magetsi akabwera iziyaka yokha, iyambe yayesa pulogalamu yakale kuti ndidziwe pamene tinalekera, ikompaile yatsopano, niyesenso. Ndipo poti ndinkakonda kuchonga makope nditafulatira, ndinaganiza kuti izindiuza zotsatira ndi mawu. Ndinabwereka sipika ya kwaya. Pa yeso lililonse lolephera ndinajambula mawu anga, ndikukalipa ngati mmene ndinkachitira m'kalasi: "Zabodza zimenezo! Bwerezanso!"

Za kupambana ndinafuna chinthu chokoma, choncho ndinapita kwa mayi Nakhumwa, amene ankaphikira ana ogonera pasukulu.

"Mayi, tandilulutirani nthungululu m'kachitsulo aka."

"Wakwatira ndani, aphunzitsi?"

"Palibe, ndi za kompyuta."

"Ndiye ndilulutire chitsulo?" Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, koma analuluta ndithu, nthungululu yoti ikanamveka mpaka ku phiri la Michesi.

Nthungululuyo sinalirepo. Miyezi inapita, ine n'kumangodzikalipira ndekha kudzera m'sipika. Lachisanu lina ndinaona ngati ndapeza pamene ng'ombe ija imathyokera. Ndinakonza, ndinasunga, ndipo ndisanayese, magetsi anazima. Anazima Loweruka, Lamulungu, mpaka sabata inayo. Ine ndinaiwalako.

Pakati pa sabatayo panali msonkhano wa komiti ya makolo. Kunja kunali chiperoni, ndiye a hedi anati tikhale m'chipinda cha makompyuta. Nkhani yaikulu inali ya chipinda chomwecho. Simenti yomangira hositelo ya atsikana inali m'njira, posungira panalibe, ndipo tcheyamani wa komiti, a Namakhwa, mlimi wa nandolo wolemekezeka dera lonse, anali atanena kale kuti makompyutawo aunjikidwe pakona.

Anabweretsa tiyi ndi chinangwa chophika. Ine ndinakhala kumbuyo, n'kuluma chinangwa chachikulu kuti ndisayankhule zopusa. Sindinaone kuti babu layaka. Sindinamvenso kompyuta ikung'ung'udza pakona.

A Namakhwa anaimirira, n'kukonza jekete.

"A hedi, makolo anzanga, ine ndayendera chipinda chino. Kunena zoona, zitsulo izi palibe chimene zikuthandiza ana athu."

"Zabodza zimenezo! Bwerezanso!"

Mawuwo anali anga, aliyense ankawadziwa. Mitu yonse inatembenukira kwa ine, ine masaya ali tutumu ndi chinangwa.

"Aphunzitsi," anatero a Namakhwa mofatsa, "mwati bwanji?"

Ndinayesa kumeza. Chinangwa chinakana (amene anadyapo chinangwa cha ufa popanda tiyi akudziwa). Ndinangogwedeza manja ngati ndikuthamangitsa njuchi.

"Chabwino, ndibwereza, poti mwandipempha. Ndati zitsulo izi..."

"Zabodza zimenezo! Bwerezanso!"

Apa mayi wina amene anakhala pafupi nane anasuntha mpando wake. "Pakamwa sanatsegule," ananong'oneza mnzake. "Ndamuona ine. Zikuchokera m'mimba."

A hedi anali atazindikira. Anandiyang'ana ndi diso lija amayang'anira mwana wogwidwa akudumpha mpanda. "Aphunzitsi, kazimitseni chinthu chanucho. Msanga."

Ndinanyamuka, n'kukodwa m'nthambo, n'kugwetsa kapu ya tiyi ya a hedi, sipika ikupitiriza kutsutsa aliyense. Mlembi wa komiti anati tiyeni tipemphere kaye, iyo inati zabodza zimenezo. Nditafika pa kompyuta chala changa chinali kale pa batani. Koma maso anagwera pa sikirini. Kuyesa pulogalamu yakale kunali kutatha. Tsopano inali kukompaila yatsopano ija, ya Lachisanu.

Abale, munthu wanzeru akanazimitsa. Ine chala chinauma.

"Aphunzitsi!"

"Pang'ono pokha, bwana," ndinatero, chinangwa chitatsika tsopano. "Pang'ono pokha."

Mayeso anayamba. Loyamba linadutsa, sipika osayankhula. Lachiwiri, chete. Mizere inkatsika. Linafika la ŵ, linadutsa. Linafika la ng'ombe.

Kenako mayi Nakhumwa analuluta.

Sipika ya kwaya si yamasewera. Mawindo ananjenjemera. Ndipo ine, mwamuna wamkulu wa tayi, ndinalumpha n'kukuwa kuti, "Ng'ombe yachira! Ng'ombe yachira!" Amayi awiri a m'komiti, poti nthungululu siilira yokha, anailandira osadziwa n'komwe chimene tikukondwerera. Mayi Nakhumwa eniake anatulukira pakhomo ndi chipande m'manja kudzaona amene akuwabera mawu.

Phokoso litatha, a Namakhwa anabwera pang'onopang'ono mpaka pamene ndinaima.

"Ng'ombe ya ndani?"

Ndinagwada kaye n'kupepesa, ndipo ndinafotokoza zonse, kuti mawu aja ndinkadzikalipira ndekha, osati iwo, komanso kuti ng'ombeyo inali liwu chabe m'kapulogalamu kolembera zilankhulo zathu. Anamvetsera osaphethira.

"Ndiye mukuti chitsulochi chimalemba Chilomwe?"

"Chimalemba, bambo."

"Lembani ndione."

Anayamba kutchula nyimbo ya kutchalitchi imene anati bambo awo ankaimba pochokera ku Mozambique. Ine wa ku Ntcheu Chilomwe ndinkangochimvera pamsika, ndiye ndinkalemba iwo akundikonza. "Ayi, pamenepo ikani h. Mwamezanso chilembo, aphunzitsi, ngati chinangwa chija." Anthu anaseka, ndipo ndinadziwa kuti ndapulumuka. Nyimbo itatha ndinaisindikiza papepala ndi pulinta ya m'chipindamo. Anaigwira ndi manja awiri, n'kuiwerenga milomo ikugwedera, kenako anaipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la jekete.

"Nyimbo imeneyi sindinaionepo italembedwa," anatero. "A hedi, chipinda chino chikhale. Adzukulu anga aphunzire zimenezi."

Ndinatuluka mumsonkhanomo ndikuyenda ngati ndagoletsa chigoli cha chikho. Koma a hedi anandiitana pakhonde.

"Mwapambana, aphunzitsi, tikuyamika. Tsono simenti ija ikufika mawa. Nyumba yanu ndi imene ili pafupi ndi malo omangapo."

Teremu yonse pabalaza pathu panali matumba a simenti mpaka kudenga. Alendo tinkawalandirira pakhonde, ndipo fumbi linkapezeka ndi m'ndiwo momwe. Mayi a kunyumba anasiya kundiyankhula bwino kwa sabata zingapo. Tsiku lina akusesa, ine ndikuwafotokozera mosangalala kuti tsopano ndikufuna kompyuta izisindikizanso yokha zotsatira za mayeso, anaima n'kutsamira tsache.

"Bambo a Chikondi, inu zinthu zikamachitika zokha ndiye mumakondwa?"

"Kwambiri."

"Chabwino. Lero nsima idziphika yokha."

Madzulo amenewo ndinadya mbatata yootcha kwa a hedi, ndipo ndili komweko ndinawabwereka nthambo yaitali ya pulinta.