Chipewa Changa ndi Kachasu wa Apongozi

Lolemba
Mutu udakali pa kanema wa dzulo pabwalo la sukulu. Mzungu wa ku Amereka, chipewa chopendeka, ndudu yonenepa ngati chinangwa. Boma laletsa mowa, iye n'kulemera nawo! Injini ya magetsi inathima kanema asanathe, koma ndaona zokwanira. Kunonso kachasu ngoletsedwa, ndipo apongozi anga amatcheza wabwino zedi. Ine mkamwini wongowaza nkhuni? Zatha zimenezo.

Lachiwiri
Zofunika: chipewa, jekete, galimoto, asilikali. Chipewa ndapeza cha malemu apongozi aamuna. Galimoto ndi njinga ya alamu. Msilikali alipo mmodzi, a Zuze, msodzi wokalamba wogontha khutu limodzi.

Lachitatu
Jekete m'dzuwa la Salima! Thukuta mpaka m'mawondo. Mkazi wanga akuti, "Kodi kwagwa maliro?" Sindikuyankha. Mabwana sayankha.

Lachinayi
Apongozi alola kuti ndikagulitse mabotolo asanu kumsika wa Khombedza. Mawu adzera mwa mwana wawo, mkazi wangayo: "Akabwera chimanjamanja, akulunge mkeka azipita kwawo."

Lachisanu
Tabisa mabotolo m'dengu, pansi pa usipa. A Zuze akuti katundu wosalawa sagulitsika. Atsala anayi.

Loweruka
Apolisi tawadutsa pamsewu, angonunkhiza usipa. Ndikudzimva ukulu! Pachipata cha msika, ayufi: "Khadi la chipani, bambo?" Mayo ine! Latsala m'malaya amene ndinavula povala jekete. A Zuze aonetsa lawo, n'kulowa ndi njinga ndi dengu lomwe. Ine ayufiwo andikhazika padzuwa mpaka msika kutha. A Zuze ndawapeza pansi pa bwemba ndi anzawo, akuimba nyimbo zokokera khoka. Mabotolo onse mbee. Akuti makasitomala amafuna kulawa kaye.

Lamulungu
Aphunzitsi anamuonapo kanema uja mpaka kumapeto. Akuti mzunguyo sanamangidwe chifukwa cha mowa, kapena mfuti, koma kapepala ka msonkho. Kapepala! Injini ija yandilakwira kwambiri.
Mkeka wanga ndaupeza panja, wokulungakulunga. Manyazi andigwira. Mkazi wanga wandipepesera, ndipo apongozi akuti ndikhale, bola nkhuni zotchezera zisasowe mpaka mvula igwe. Chipewa alanda, nkhuku yayamba kale kuikiramo.
Mawa nkhwangwa.